Kusankha tenti yobisaliramo pojambula nyama ndi mbalame zakutchire

Wojambula nyama zakutchire amene wagula lenzi yaitali amazindikira msanga kuti lenziyo payokha siikwanira. Ngakhale ndi lenzi ya 600 mm, kambalame kakang'ono kamafunika kakhale pa mtunda wa mamita 5 kapena 6 kuti kaoneke bwino pachithunzi, ndipo mbalame za kwathu kuno, zimene zinakulira pakati pa malegeni, ulimbo ndi misampha, sizilola munthu woima poyera kuziyandikira chotero. Njira yodalirika ndi kubisala n'kudikira kuti nyamayo ibwere yokha, n'chifukwa chake ojambula amagula matenti ang'onoang'ono amawangamawanga amene amatambasuka m'mphindi zochepa.

Vuto n'lakuti ambiri mwa matenti amenewa anapangidwira alenje a ku America ndi ojambula a ku Ulaya, amene amabisala m'nyengo yozizira ndipo chimene amalimbana nacho ndi chisanu. Munthu amene akukakhala m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa mu Okutobala, kapena m'nkhalango ya Dzalanyama mvula ili pakati, amakumana ndi mavuto ena, kotero kuti zimene ogulitsa amalemba pa bokosi, monga kukongola kwa mawanga ndi lonjezo lakuti tentiyo siopa nyengo iliyonse, sizimuthandiza kwenikweni posankha.

Zoyenera kuyang'ana musanagule

Choyamba ndi malo amene mudzaloledwa kuikhazika. M'malo osungira nyama monga Liwonde, Majete, Nkhotakota, Kasungu ndi South Luangwa ya ku Zambia, mlendo saloledwa kutsika m'galimoto paliponse pamene wafuna, ndipo kuyenda pansi kumachitika motsogozedwa ndi mlonda wa paki wonyamula mfuti. Kukhazika tenti yanu pafupi ndi chithaphwi kumafuna chilolezo chapadera cha oyang'anira malowo, kaya ndi bungwe la African Parks, limene likuyendetsa Majete kuyambira 2003 ndi Liwonde komanso Nkhotakota kuyambira 2015, kaya ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Choncho tenti yonyamulika imagwira ntchito yake yambiri kunja kwa mapaki: m'madambo, m'mphepete mwa madamu a m'maesiteti, m'nkhalango zotetezedwa, m'minda ndi kuseri kwa nyumba. Kumeneko kuli anthu, ndipo mlendo wobisala m'kanyumba kamawanga m'bandakucha akhoza kuyesedwa wakuba, wopha nyama mozemba, kapena china choipa kuposa pamenepo. Amene akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinaphetsa anthu m'maboma ngati Mulanje ndi Phalombe, sangakhazike tenti m'dera lachilendo asanakaonekere kwa a mfumu ndi kwa mwini munda.

Chachiwiri ndi kutentha, ndipo kwa ine chimenechi n'chimene chimasiyanitsa tenti yabwino ndi yoipa kuno. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumatentha kupitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, nyengo imene nyama zimasonkhana pa madzi otsala ndipo wojambula amafuna kukhala pomwepo. Nsalu ya polyester yomatidwa pulasitiki m'kati imaletsa mvula kulowa, koma imaletsanso mpweya kutuluka. Tenti imene yatsekedwa bwino kwambiri pofuna kuteteza ku mvula ndi yomweyonso imene imakutulutsani dzuwa likangokwera. Yang'anani ngati ili ndi timabowo totulutsira mpweya padenga ndi mazenera aneti mbali ziwiri zoyang'anizana.

Chachitatu ndi mvula ndi mphepo. Opanga matenti okhulupirika amalemba nambala yosonyeza madzi amene nsalu ingapirire isanayambe kudontha, m'mamilimita. Nsalu ya 1,500 mm imakwanira mvula yowaza ndi chiperoni cha ku Thyolo kapena ku Zomba, pamene mvula yamkuntho ya mu Januwale imafuna 3,000 mm kapena kuposerapo. Matenti ambiri a alenje salemba nambala imeneyi n'komwe, ndipo misoko yake simatidwa, choncho madzi amalowera m'mabowo a singano ngakhale nsaluyo ili yabwino. Nambala ina yothera ndi D, monga 150D, 300D kapena 600D, imanena za kukhuthala kwa ulusi. Ikakhala yaikulu nsalu imalimba ndi kupirira minga, koma imalemera. Za mphepo, funsani malo omangirira zingwe ndi zikhomo, chifukwa mwera wa m'nyanja ya Malawi pakati pa Meyi ndi Ogasiti umanyamula tenti yosamangirira pamodzi ndi tripod yake, choimikapo kamera cha miyendo itatu.

Chachinayi ndi mazenera. Mlenje amafuna zenera lalikulu lotulutsira mfuti kapena muvi ali chikhalire pa mpando, pamene wojambula amafuna bowo lokwanira lenzi yokha, lokhala ndi kansalu komanga mozungulira lenziyo kuti nkhope ndi manja zisaoneke, ndiponso bowo lina la m'munsi pojambula mbalame za pansi ndi za m'madzi molingana ndi diso lake. Tcheraninso khutu ku zotsekera: Velcro, kansalu komatana kokha, imalira poitsegula, zipi imalira pang'ono, pamene maginito ndi tingowe sizimveka.

Mawanga ndawaika kumapeto chifukwa ndi amene ali ndi ntchito yochepa pa zonse. Agwape ndi mbawala saona mitundu monga mmene timaonera ife, ndipo amadalira mphuno ndi makutu, kotero kuti kukhala kumene mphepo siikupititsa fungo lanu kwa iwo n'kofunika kuposa zojambula za pa nsalu. Mbalame zimaona mitundu bwino kwambiri, komabe chimene chimaziopsa ndi kugwedezeka ndi maonekedwe a thupi la munthu, ndipo chinthu chimene chaima malo amodzi osasuntha zimachizolowera. Nsalu yobiriwira kapena yakhaki yosanyezimira imakwanira. Dziwaninso kuti mtengo wolembedwa pa intaneti si umene mudzalipire: pamwamba pake pali ndalama yonyamulira, imene ndege zimawerengera kukula kwa katundu osati kulemera kokha, msonkho wa MRA, ndi vuto lopeza ndalama zakunja, zimene zinakwera mtengo pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Tenti ya mawaya achitsulo yodzitambasula yokha

Imeneyi ili ndi mawaya achitsulo opindika osokeredwa m'mphepete mwa nsalu, ndipo mukaitulutsa m'chikwama chake chozungulira imadzitambasula yokha. Ameristep Doghouse ndi chitsanzo chodziwika, ndipo pali zambiri zofanana nayo zopangidwa ku China zopanda dzina lodziwika.

*Mtengo.* Ndi yotsika mtengo pa matenti onse ogula, ndipo nthawi zambiri siifika madola 100 kumene imagulitsidwa. Popeza imapindika n'kukhala yaphwatalala, kuitumiza sikudula monga mitundu ina.

*Kapezekedwe.* M'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre si katundu wopezeka wamba. Njira yachidule ndi kuitanitsa pa intaneti kapena kutuma wachibale wochokera ku South Africa kapena ku Britain, ndipo imalowa pansi pa sutikesi yaikulu.

*Kasamalidwe.* Kuipinda kumafuna kuphunzira, chifukwa mawaya ake amapotokoledwa ngati nambala 8 kenaka n'kusanjikizidwa, ndipo amene waikakamiza amapinda waya mpaka kalekale. Yesererani pabwalo la pakhomo musanapite nayo kutchire. Waya amachita dzimbiri mukaisunga yonyowa, ndipo pakapita nthawi amaboola nsalu m'makona, malo amene telala aliyense angathe kuikapo chigamba.

*Zoopsa.* Siilimba ku mphepo: makoma ake amapindikira m'kati n'kumagunda lenzi, ndipo kugwedezeka kumeneko kumathamangitsa mbalame. Nsalu yake imakhala yopyapyala, dzuwa limaisuwitsa msanga, ndipo mvula yamphamvu imalowa m'misoko. Poitsegula igwireni patali ndi nkhope ndi kamera, chifukwa waya amafwanthuka ndi mphamvu.

Tenti yaikulu ya alenje ya ndodo zolumikizana

Khoma lililonse ndi denga zili ndi ndodo zinayi za fiberglass zokumana pa chitsulo chimodzi pakati, ndipo mukakoka chitsulocho khomalo limatukumuka n'kuima nji. Primos Double Bull, Barronett ndi Ameristep Care Taker ndi ena mwa maina a ku America a mtundu umenewu.

*Mtengo.* Zotsika zimayambira cha m'ma madola 100, pamene zansalu yokhuthala zimafika madola 400 kapena kuposa. Kunyamula n'kumene kumawawa, chifukwa ikapindidwa imakhala mtolo wotalika kuposa mita imodzi, wolemera makilogalamu 6 mpaka 10.

*Kapezekedwe.* Pa mitundu yonse yogula, uwu ndi umene umapezeka pafupi, chifukwa alenje a uta ndi mivi a ku South Africa amaugwiritsa ntchito, ndipo masitolo a zipangizo zosakira a ku Johannesburg ndi Pretoria amakhala nawo. Kuubweretsa pa basi kapena pa thiraki n'kotsika mtengo kuposa pa ndege.

*Kasamalidwe.* Ndodo ya fiberglass ikathyoka ingalowedwe m'malo ndi ndodo ya tenti yakale yogonamo, bola kukula kwake kufanane. Misoko ya padenga ipakeni guluu wa matenti isanakumane ndi mvula yoyamba. Mazenera ake ndi aakulu mopitirira zofuna za wojambula, choncho ndi bwino kupita nayo kwa telala kuti asokerepo kansalu kokhala ndi bowo la lenzi ndi lamba wokoka. Neti ya alenje imene imabwera pa mazenera musajambulire kudzera m'menemo, chifukwa imafewetsa chithunzi ndi kusokoneza kamera pofunafuna chimene mukujambula.

*Zoopsa.* Ubwino wake ndi malo: pansi pake ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka mbali zonse, mokwanira anthu awiri, tripod ndi chikwama, ndipo mpweya wa m'chipinda chachikulu sutentha msanga monga wa m'kachipinda kakang'ono. Koma kukula komweko kumachititsa nyama kuikayikira tsiku loyamba, ndipo alenje amaisiya masiku angapo kuti nyama ziizolowere. Kuno kusiya tenti yodula kutchire ndi kuipereka kwa akuba, kwa ng'ombe zofuna pokandira, kwa anyani amene amang'amba chilichonse chachilendo, ndi kwa moto wolusa wa m'chilimwe umene umasungunula polyester m'kanthawi kochepa. M'kati mwake mumapakidwa zakuda kuti mlenje asaoneke, zimene zimathandizanso wojambula, koma kumalire a Nkhotakota, Vwaza, Kasungu ndi chigwa cha Luangwa kumbukirani kuti ntchentche za kashembe, zimene zimafalitsa matenda a kaodzera, zimakopeka ndi zakuda ndi zabuluu, monga mmene nsalu za misampha yake zimaonetsera. Tsegulani zenera limodzi lokha ndipo enawo atsekedwe ndi neti. Mphepo yamphamvu imathanso kubweza khoma m'kati mwadzidzidzi ngati simunamangirire chitsulo chapakati ku chikhomo.

Tenti yopangidwira ojambula

Makampani monga Tragopan ndi Buteo Photo Gear ya ku Netherlands amapanga matenti amene anawaganizira kamera kuyambira pachiyambi. Amakhala ndi mabowo a lenzi okhala ndi kansalu komangira, timazenera taneti tosuzumira m'mbali, ndi mabowo a m'munsi. Tragopan imapaka m'kati mwa matenti ake ena zonyezimira zobweza kutentha kwa dzuwa, ndipo ili ndi mtundu wotchedwa Hokki wojambuliramo chogona.

*Mtengo.* Konzekerani ma euro 200 mpaka 350 musanawerengere zonyamulira ndi msonkho. Werengani bwino zimene zili m'bokosi, chifukwa denga lowonjezera loteteza ku mvula, chansi choyala ndi tinsalu tina ta mazenera nthawi zina zimagulitsidwa pazokha, ndipo tenti imene imaoneka yokwanira pachithunzi imafika yosowa chimene munkachifuna kwambiri.

*Kapezekedwe.* Imachokera ku Ulaya kapena kwa ogulitsa zipangizo za kamera akuluakulu, ndipo kuno ndi ya oda basi. Ya munthu mmodzi imalemera makilogalamu 3 kapena 4, kotero wachibale wobwera pa ndege angathe kuinyamula.

*Kasamalidwe.* Zipi ndi zimene zimayamba kufa, chifukwa fumbi la m'chilimwe ndi mchenga wa kunyanja zimadya mano ake. Zitsukeni ndi mswachi wakale n'kuzipaka kandulo. Nsalu muipukute ndi madzi okha. Sopo waufa wochapira zovala amachotsa mankhwala othamangitsa madzi a pa nsalu, ndipo wambiri ali ndi zowalitsa zimene zimachititsa nsalu kuwala kwambiri padzuwa. Iumitseni pamthunzi mpaka iumiretu, chifukwa nkhungu ya m'dzinja imamera pa tenti yopindidwa yonyowa m'masiku ochepa, ndipo pulasitiki wa m'kati amayamba kunata ndi kusupuka akasungidwa m'galimoto yotentha.

*Zoopsa.* Pa ntchito yojambula palibe tenti yogula yoiposa, ndipo choopsa chake chachikulu chili m'thumba: ikabedwa kapena kupsa, mwataya ndalama zimene zikanagula lenzi yakale yabwino, ndipo kachitsulo kake kakathyoka muyenera kudikira kuchokera kunja. Ndi yothina, moti munthu wamtali wokhala ndi tripod yaikulu amasowa potambasulira miyendo. Zonyezimira za m'kati zimachepetsa kutentha koma sizikuthetsa, ndipo ku chigwa cha Shire mudzatulukamo ndithu dzuwa lisanafike pamutu.

Mpando wokhala ndi denga

Uwu ndi mpando wopinda umene uli ndi chophimba chansalu chokokera kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Stealth Gear ndi Buteo amapanga yotere, ya munthu mmodzi ndi ya awiri.

*Mtengo.* Uli pakati, cha m'ma madola 100 mpaka 200, ndipo simugulanso mpando wapadera.

*Kapezekedwe.* Imapezeka kwambiri ku Britain ndi ku Ulaya. Chifukwa cha zitsulo za mpando, mtolo wake ndi waukulu ndipo kuutumiza pa ndege n'kodula poyerekeza ndi mtengo wogulira.

*Kasamalidwe.* Zitsulo zake zimachita dzimbiri ndipo molumikizira mumayamba kulira, choncho muzidontheza mafuta pang'ono. Zikathyoka, wowotcherera wa pamsika amakonza.

*Zoopsa.* Kulemera kwanu n'kumene kumaigwira, kotero mphepo siingainyamule mukakhalamo, ndipo kusamuka nayo n'kwachangu. Koma imakukakamizani kujambula muli pa msinkhu umodzi ndiponso moyang'ana kutsogolo kokha. Mbalame za m'madzi mumazijambula mozitsikira, zimene zimaononga chithunzi, ndipo miyendo ya mpando imatitimira m'matope a m'dambo. Mpando wake ukakhala wosagwirizana ndi msana wanu, mulibe mwayi wousintha.

Nsalu yodzifunditsa

Ilibe mafelemu. Ndi nsalu yaikulu imene imaphimba munthu, mpando ndi tripod, yokhala ndi bowo la lenzi ndi kazenera kaneti pankhope. LensHide ya kampani ya LensCoat ndi imene imadziwika, ndipo ilipo yopepuka yopitisa mpweya ndi ina yoletsa mvula.

*Mtengo.* Yadzina imagulidwa pakati pa madola 100 ndi 200, ndalama zambiri ndithu pa nsalu yopanda ndodo, koma kunyamula kwake n'kotsika chifukwa imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Telala waluso angasoke yofanana nayo ndi mamita angapo a nsalu yakhaki.

*Kapezekedwe.* Yogula ndi ya oda, yosoketsa ili paliponse pamene pali makina osokera.

*Kasamalidwe.* Kuchotsa zomata ndi minga, kuitsuka ndi madzi okha, kuiyanika. Palibe chothyoka.

*Zoopsa.* Mukasuntha, nsalu yonse imasuntha nanu, choncho imafuna munthu wotha kukhala duu nthawi yaitali, ndipo kumwa madzi kapena kusintha batire kumaoneka kunja. Yoletsa mvula imatentha kwambiri chifukwa imagona pathupi, ndipo kuno ndingasankhe yopepukayo n'kunyamula pepala lapulasitiki lophimbira kamera. Siikutetezani ku linthumbwi, zinkhanira ndi njoka, ndiponso imakutsekani maso m'mbali ndi kumbuyo. Pamalo pamene pamadutsa njovu, njati kapena mvuu, kapena m'mphepete mwa Shire ndi dambo la Elephant Marsh mmene muli ng'ona, musadzifunditse nsalu imeneyi muli nokha. Palinso nkhani ya malamulo: chifukwa nsaluyi imavalidwa pathupi, yamawanga onga a asilikali ingakupalamulitseni. Ku Zimbabwe lamulo limaletsa anthu wamba kuvala zotere, ndipo ku Malawi ndi ku Zambia asilikali akhala akuchenjeza za zomwezo. Mawanga a masamba ndi udzu kapena khaki wamba sabweretsa mafunso pa malo ochitira chipikisheni a pamsewu.

Msasa womanga pamalopo kapena tenti yosoketsa

Njira imeneyi siipezeka m'mabuku a ogulitsa, koma iyenera kuyezedwa ndi muyezo womwewo. Ili pawiri: msasa wa nsungwi, bango ndi udzu womangidwa pamalo amene mudzabwerako kawirikawiri, monga chilindo cha m'munda, kapena felemu yophwasula ya mapaipi apulasitiki a madzi yovekedwa nsalu yosoketsa kapena neti yobiriwira ya mthunzi imene amaphimbira nazale za mbande.

*Mtengo.* Ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa tenti iliyonse yoitanitsa, ndipo zonse mumalipira m'makwacha. Ndalama yaikulu imapita kwa omanga ndi kwa telala.

*Kapezekedwe.* Mapaipi ali m'mahadiweya, neti ya mthunzi ili m'masitolo a zipangizo zaulimi, ndipo nthawi zina pa kaunjika pamapezeka tenti yakale yogonamo imene ndodo ndi nsalu yake zingagwire ntchito. Udzu wofolera ndi bango zimapezeka bwino m'chilimwe. M'nkhalango yotetezedwa musadule kanthu musanapemphe kwa a zankhalango.

*Kasamalidwe.* Msasa wa udzu umafuna kukonzanso chaka ndi chaka, chifukwa chiswe chimadya nsanamira ndipo mvula imaoletsa denga. Pepala lakuda lapulasitiki loyalidwa pansi pa udzu wa padenga limaletsa kudontha popanda kutseka mpweya wa m'makoma. Lona wabuluu mupeweni, chifukwa amanyezimira, amachita phokoso ndi mphepo ndipo amaitana kashembe. Lambulani mozungulira isanafike nyengo yotentha tchire.

*Zoopsa.* Pa kutentha palibe tenti ya fakitale imene ingafanane ndi udzu, chifukwa mphepo imadutsa m'makoma ndipo denga silisunga dzuwa, moti mungakhalemo tsiku lonse ngakhale mu Okutobala. Pa kubisala nakonso umapambana, popeza wapangidwa ndi zomera za pamalo pomwepo ndipo nyama zimauona usana ndi usiku mpaka kuuiwala. Ukamangidwa ndi anthu a m'mudzimo, nkhani yokayikirana imatha, ndipo iwo amadziwa kale kumene nkhanga zimamwera ndi nthawi yake. Kuipa kwake n'kwakuti susuntha, choncho mukalakwitsa poukhazika molingana ndi kotulukira dzuwa, mwalakwitsa nyengo yonse. Njoka ndi mavu zimaukonda, ndipo muyenera kuunikamo ndi tochi musanalowe m'mamawa. Choopsa china n'chakuti msasa woyang'ana pomwera nyama umathandizanso wosaka ndi wotchera misampha, kotero pamalo pamene palibe woyang'anira ndi bwino kuuphwasula ntchito ikatha. Felemu ya mapaipi imanyamulika, koma kuilumikiza kumatenga mphindi zambiri ndipo ndi yofooka ku mphepo.

Iti ikuyenera ndani

Ngati ulendo wanu ndi wa m'mapaki, musagule tenti. Galimoto yoima, injini itazimitsidwa, ndi chobisaliramo chimene nyama za ku Liwonde ndi ku Majete zinazolowera kale, ndipo kathumba ka nyemba kapena mpunga koika pa zenera kamagwira lenzi bwino. Ku Lengwe kuli tinyumba tobisaliramo tomangidwa pa zithaphwi pamene boo ndi njiri zimadzamwa m'chilimwe. Ku South Luangwa makampu ena amakonza malo obisalira moyang'ana magombe mmene afulagombe ofiira amakumba zisa mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo ku Kasanka, paki ina ya ku Zambia, kuli nsanja za m'mitengo zoonera mileme mamiliyoni imene imafika kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala. Ndalama ya tenti ipite ku masiku owonjezera m'malo amenewa.

Ngati muli ndi malo amodzi obwerako kawirikawiri, monga damu la pa esiteti, dambo la kumudzi kapena kachitsime ka mbalame kuseri kwa nyumba, mangani msasa wa udzu, makamaka ngati malowo ali ku chigwa cha Shire kapena m'mphepete mwa nyanja kumene kumatentha.

Amene akungoyamba kumene ndipo sanadziwe ngati angapirire maola anayi ali chete agule tenti ya mawaya, kapena asoketse nsalu yodzifunditsa, n'kuiyesa pa njiwa ndi mpheta za pakhomo. Nsalu yomweyo, yopepuka, ndi imene ikuyenera woyenda pansi mtunda wautali ku Zomba, ku Mulanje kapena ku Dzalanyama, kumene kilogalamu iliyonse imamveka pamsana ndipo nyama zoopsa n'zochepa.

Wojambula mbalame za m'madzi ku Chilwa, amene amasintha malo motsatira kuphwa kwa madzi ndipo amafuna lenzi ikhale pafupi ndi nthaka, ndi amene ndalama ya tenti yopangidwira ojambula imamubwerera, ndipo aitanitse pamodzi ndi denga lake la mvula ngati adzagwira ntchito pakati pa Disembala ndi Marichi. Kumalo okwera ozizira monga mapiri a Viphya ndi Dedza mu Juni ndi Julayi, kumene kutsekeka kwa nsalu kumakhala phindu, tenti yomweyi kapena ya alenje yansalu yokhuthala ndi yoyenera, bola ikhale ndi zingwe ndi zikhomo zokwanira.

Tenti yaikulu ya alenje ndi ya anthu awiri, monga mphunzitsi ndi wophunzira kapena wojambula kanema wokhala ndi zipangizo zambiri, amene amafika ndi galimoto pafupi ndi malowo ndipo ali pa famu kapena malo otchingidwa pamene angaisiye masiku angapo pali mlonda. Mpando wokhala ndi denga ukuyenera munthu wojambula mbalame za m'mitengo pa nthaka youma, amene mawondo ake salolanso kukhala pansi ndipo amasamuka kawiri kapena katatu m'mawa umodzi.